Anthu opiringa fodya ku Havana komanso anthu amene amaba dzina lawo

Ku Cuba kuli ntchito imene munthu amaiphunzira pafupifupi miyezi 9 asanapatsidwe tebulo lakelake. Ndi ntchito yopiringa fodya pamanja kuti atuluke cigar, ndudu yaikulu yopanda pepala, masamba okhaokha kuyambira m'kati mpaka kunja. Ya ku Cuba, imene eni ake amaitcha habano, ndi yodula kwambiri moti anthu ena anasandutsa kuikopera kukhala ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Wofuna kusiyanitsa yeniyeni ndi yachinyengo ayambe wadziwa anthu amene amaipanga, chifukwa chizindikiro chilichonse chodalirika chimachokera m'manja mwa wantchito wina wake.

Woyamba ndi mlimi. Fodya wotchuka kwambiri amalimidwa ku Vuelta Abajo, m'chigawo cha Pinar del Río, makamaka kuzungulira matauni a San Juan y Martínez ndi San Luis. Kumeneko ndi kwawo kwa Alejandro Robaina, mlimi amene anamwalira mu 2010, yemwe dzina lake linalembedwa pa mtundu wa cigar wa Vegas Robaina mu 1997 iye adakali moyo. Fodya wokutira kunja amalimidwa pansi pa nsalu yopyapyala kuti tsamba likule lofewa ndi losalala. Wa m'kati amakulira padzuwa, ndipo tsamba lililonse lili ndi ntchito yake. La m'munsi, volado, limathandiza moto kuyenda. La pakati, seco, limapereka fungo. La pamwamba, ligero, ndilo mwini ukali. Akathyola amasoka masamba awiriawiri n'kuwapachika m'zigafa kwa masabata angapo. Kenaka amawaunjika milu kuti atenthe okha ndi kutaya kuwawa, amawasankha, amachotsa mitsempha, n'kuwamanga m'mabelo. Ligero amakhala m'belo zaka ziwiri kapena kuposa. Nthawi imeneyi wachinyengo alibe.

Masamba akafika ku fakitale amakumana ndi wopiringa, torcedor, ndipo ambiri masiku ano ndi amayi. Zida zake n'zochepa: thabwa, mpeni wopanda chigwiriro wotchedwa chaveta, chikombole cha matabwa, kachipangizo kodulira utali ndi guluu wochokera ku zomera, wopanda fungo. Amatenga masamba athunthu a m'kati n'kuwapinda mosiya njira ya utsi, ligero ali pakatikati chifukwa amachedwa kupsa. Amawakulunga ndi tsamba lomangira, amawapanikiza m'chikombole, ndipo pomaliza amatambasula tsamba lokutira n'kulizunguliza popanda khwinya. Kumutu amatseka ndi tizidutswa ta tsamba lomwelo, ndipo pamaoneka timizere titatu toyalana bwino. Pa tsiku munthu mmodzi amapanga pakati pa 60 ndi 150, malinga ndi kukula ndi kuvuta kwa mtunduwo.

M'chipinda chachikulu chimene amagwiriramo ntchito muli wantchito wina amene sagwira tsamba n'komwe. Ndi wowerenga, amene amakhala kutsogolo n'kumawerengera anzake nyuzipepala ndi mabuku. Mwambowu unayamba mu 1865 pa fakitale ya El Fígaro ku Havana, ndipo dzina la Montecristo, mtundu umene unayamba mu 1935, linachokera ku buku la Alexandre Dumas limene opiringa ankalikonda. Akasangalala ndi zimene amva, amagogoda matabwa awo ndi chaveta.

Zimene wopiringa wapanga sizipita m'bokosi zisanayesedwe. Pali oyeza utali, kunenepa ndi kulemera. Pali makina oyesa ngati mpweya ukudutsa bwino. Pali olawa, amene amasuta zochepa zotengedwa pa ntchito ya munthu aliyense. Kenaka amabwera wosankha maonekedwe, amene diso lake limasiyanitsa kufiira ndi kuderako kosiyanasiyana kopitirira 60, kuti za m'bokosi limodzi zifanane. Womaliza amamata mphete ya pepala pa cigar iliyonse, zonse pa mzere umodzi. Ndiye mukatsegula bokosi n'kupeza ina yoyererako, ina yakuda, ina yaifupi, mphete zina m'mwamba zina m'munsi, dziwani kuti anthu onsewa sanaligwire bokosilo.

Tsidya lina la ntchitoyi lili mumsewu. Mlendo akamayenda pafupi ndi mafakitale a ku Havana amakumana ndi anyamata olankhula mokoma. Wina amati mlongo wake amagwira ntchito m'fakitale. Wina amati lero ndi tsiku lapadera limene antchito aloledwa kugulitsa motchipa. Amamutengera m'nyumba ina n'kumuonetsa bokosi la Cohiba pa mtengo wosafika ndi theka la wa m'sitolo. Cohiba ndiye amakoperedwa kwambiri chifukwa cha mbiri yake. Anayamba mu 1966 ngati fodya wa mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Fidel Castro, ndi alendo a boma, amapangidwa ku fakitale ya El Laguito, ndipo anayamba kugulitsidwa kunja mu 1982. Mitengo yake itakwezedwa kwambiri mu 2022, chaka chomwenso mphepo ya mkuntho ya Ian inagwetsa zigafa zambiri ku Pinar del Río, phindu la wokopera linakula. Ku United States, kumene malonda a katundu wa ku Cuba analetsedwa kuyambira 1962, ogula ambiri sanaonepo yeniyeni yoti ayerekezere nayo.

Boma ndi kampani ya Habanos S.A., imene inakhazikitsidwa mu 1994 kuti izigulitsa fodyayu kunja, anaika zizindikiro pa bokosi. Pali chidindo chobiriwira cha boma chimene chinayamba ndi lamulo la mu 1912, ndipo kuyambira 2009 chili ndi kachithunzi konyezimira ndi nambala imene munthu angaifufuze pa intaneti. Pakona pamakhala kapepala kolembedwa kuti Habanos. Pansi pa bokosi pamadindidwa mawu osonyeza kuti lapangidwa ku Cuba ndiponso pamanja, pamodzi ndi zilembo za fakitale, mwezi ndi chaka. Bokosi la Cohiba la chivundikiro cha galasi, limene limakopa alendo ambiri, si la fakitale. Pa mphete yeniyeni ya Cohiba zilembo zagolide zimatukuka moti chala chimazimva, ndipo timabokosi toyera ta pa mbali yakuda timakhala tathunthu, tosadulidwa m'mphepete.

Komabe zonsezi ndi za kunja, ndipo za kunja zimabedwa. Malipiro a ntchito za boma ku Cuba ndi ochepa, choncho mphete, zidindo ndi mabokosi enieni nthawi zina zimatuluka m'fakitale mozemba. Bokosi likhoza kukhala loona, fodya wake wabodza. Alimi a fodya ku Malawi amaidziwa nkhani imeneyi, chifukwa nakonso ku okushoni belo limakanidwa likapezeka kuti kunja lavala masamba abwino pamene m'kati mwabisidwa zinyalala. Odziwa bwino amapereka cigar imodzi nsembe: amaing'amba mu utali. Yeniyeni ya mitundu yapamwamba imatulutsa masamba athunthu, oyambira kumutu kufika kumapazi. Yachinyengo imakhuthula nyenyeswa, mitsempha, fodya wosapsa, nthawi zina masamba a nthochi, tsitsi ndi zosesa pansi. Fodya aliyense amawononga thupi, koma wosuta zimenezi sadziwa n'komwe chimene akukoka.

Ena mwa okoperawo ndi aluso ndithu, ndipo alipo amene anaphunzirira ntchito m'mafakitale momwemo. Umphawi umene umawakankhira kumeneko ndi weniweni. Koma amene amalipira ndi mayi uja wa pa thabwa. Mlendo akayatsa chinthu chowawa, chosatuluka utsi, chovala mphete ya Partagás, dzina limene lakhalapo kuyambira 1845, amapita kwawo akunena kuti fodya wa ku Cuba ndi mbiri chabe. Zaka za mlimi, diso la wosankha ndi manja a wopiringa zimanyozedwa chifukwa cha chinthu chimene sanachikhudze.

N'chifukwa chake langizo la ogulitsa odalirika silisintha: gulani m'sitolo yovomerezeka, monga za La Casa del Habano, tengani lisiti, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa bwererani. Wogula wotero sakungodziteteza yekha. Akuonetsetsa kuti ndalama yake yapita ku ntchito imene yagwiridwadi, ndipo kuti achinyamata a ku Cuba aone chifukwa chokhalira miyezi 9 akuphunzira kupinda tsamba moyenera.