Mudzi ukakula, ndi opaleshoni iti ingathandize?

Kwathu kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, za matenda a mudzi timangonong'onezana. Munthu amalolera kukhala chammbali pampando zaka ndi zaka, osauza ngakhale akunyumba kwake. Komatu mudzi ndi mitsempha ya magazi chabe imene yatupa kotulukira chimbudzi, kawirikawiri chifukwa cha kudzimbidwa kapena pathupi.

Ukakhala waung'ono, dokotala amatha kuumanga ndi kalabala patsinde, n'kufota wokha. Koma ukafika pomaubwezera ndi chala, kapena osabwereranso m'kati, pamafunika opaleshoni. Njira zodziwika zilipo zitatu.

Yakale ndi ya Milligan ndi Morgan, madokotala a pachipatala cha St Mark's ku London, ya m'chaka cha 1937. Amauchotsa n'kusiya bala losasoka kuti lipole lokha, pafupifupi masabata 4 mpaka 6. Kunena zoona imawawa, makamaka pochita chimbudzi masiku oyamba. Ya Ferguson wa ku America, ya mu 1959, amachotsa chimodzimodzi koma balalo amasoka.

Yachitatu anaitchukitsa Longo wa ku Italy mu 1998. Kachipangizo kotchedwa stapler kamakokera mudziwo m'kati n'kuumangirira konko. Ululu ndi wochepa ndipo munthu amadzuka msanga. Vuto lake, mudzi umabwereranso kawirikawiri kuposa pa njira zochotseratu, komanso kachipangizoko n'kokwera mtengo ndipo kamagwira ntchito kamodzi basi.

Ine ndikaganizira mlimi wa ku Malomo kapena ku Mvera, amene ulendo uliwonse wa kuchipatala ndi ndalama ya kabaza pamsewu wa mabampu, ndimaona kuti kuchotseratu n'kwabwino. Bola kupirira mwezi umodzi kusiyana n'kubwereranso patebulo. Komabe wokuyezani ndiye angakuuzeni yokuyenerani. Ngati sizadzidzidzi, m'funseni ngati zingatheke mutakolola, khasu lili pakona.

Chonde, zodulana ndi lezala kunyumba ayi. Magazi ake savuta kutaya moyo. Ndiponso si magazi onse otuluka ndi chimbudzi amene ali a mudzi, ena ndi chizindikiro cha khansa ya m'matumbo. Kayezetseni pachipatala cha boma cha Dowa, cha Ntchisi kapena cha mishoni ku Madisi. Zikavuta, amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mukachira, nsima ya mgaiwa, nyemba, masamba ndi madzi ambiri zisamasowe, kuti kudzimbidwa kusauyambitsenso.