Kompuresa Ikakana Kugwira Ntchito

Ku Tete dzuwa likuswa mtengo. Dalaivala wayatsa choziziritsa m'galimoto, koma mphepo ikutuluka yotentha. Kompuresa yakana.

Kompuresa ndi pampu. Imakankha gasi woziziritsa. Lamba wa injini ndiye amaizunguza.

Tiyambe ndi zapafupi. Lizani injini, yatsani choziziritsa, mvetserani. Kompuresa yabwino imamveka kuti "tha!" poyamba ntchito. Ikakhala zii, zimitsani injini. Onani lamba ndi mawaya. Onaninso fyuzi. Ngati yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Musalumikize ndi waya, galimoto ingapse.

Zonsezi zikakhala bwino, mwina gasi wachepa. Gasi akachepa, kompuresa siyamba, kuopa kuwonongeka. Musamasule mapaipi, gasi amavulaza maso. Pitani kwa makaniko, atseke pobooka, kenaka athire gasi wina.