MAKAMERA AKALE M'CIGWA CA LUANGWA

M'caka ca 1950 Mfumu yaikuru Nsefu ya Akunda inabvomera kupatula cigawo cina ca dziko lake, kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa, kuti nyama za m'menemo zisaphedwe. Wodza ndi uphungu umenewu anali Norman Carr, Mzungu wobadwira ku Chinde kumathiriro a Zambezi m'caka ca 1912, munthu amene iye mwini anali atapha njobvu zambiri pa nchito ya Boma. Carr anamanga msasa wa alendo pamenepo, woyamba wa mtundu wake m'dziko lonse la Northern Rhodesia, ndipo ndalama zolipira alendowo zinathandiza Akunda. Cacilendo cinali cakuti alendo amenewa sanadze ndi mfuti, koma ndi timabokosi takuda topacika m'khosi. Njobvu imodzi yomweyo anailoza kambirimbiri, nikhalabe yamoyo kudikira mlendo wa mawa.

Timabokosi tija tsopano takalamba. Lamya ya m'thumba inalanda nchito yake, filimu yochuka ya Kodachrome inaleka kupangidwa mu 2009, ndipo kampani ya Kodak inagwa m'ngongole zazikuru mu 2012. Komabe makamera ambiri sanafe. Ena akali pansi pa zobvala m'masutukesi a aphunzitsi ndi alonda a nyama amene anapuma pa nchito, ndipo mwana wa m'boma la Mambwe wopeza cotere m'katundu wa atate ake amafunsa ngati ciri ndi nchito, kapena angocipatsa ana aseweretse.

Kamera ya filimu ndi bokosi la mdima lokhala ndi diso lagalasi kutsogolo. Kuseri kwa disolo kuli cikope cimene cimaphethira kamodzi munthu akadina, ndipo kuwala kolowa pa kamphindi kameneko kumagwa pa filimu. Filimuyo ndi lamba wopyapyala wopakidwa jelatini, ndiye phala louma locokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe, ndipo m'phalamo muli timcere ta siliva timene timasandulika tikakhudzidwa ndi kuwala. Nzeru yonse yathera pamenepa. Makamera ambiri akale amayenda ndi zitsulo zofwamphuka monga wochi yopukusa, safuna batire kapena magetsi, ndipo ici si cinthu cacing'ono kumidzi ya kwa Malama kapena kwa Msoro.

Coyamba kudziwa mwini kamera ndico mtundu wa filimu imene kamera yake imadya. Ya 35 mm, imene inachuka ndi kamera ya Leica mu 1925, ikali kupangidwa ndi a Kodak ndi a Ilford a ku England, ndipo mpukutu umodzi upatsa zithunzi 24 kapena 36. Ndiyo ilowa mu Nikon F ya 1959 ndi mu Pentax K1000, kamera yolimba imene inapangidwa kuyambira 1976 kufikira 1997. Ya 120 nayonso iripo. Ipatsa zithunzi 12 mu Rolleiflex, kapena 8 m'makamera ambiri a bokosi. Bvuto liri ndi ma Brownie amene amadya 620, pakuti Kodak inaleka filimu imeneyi mu 1995. Koma filimu yake ndi yomweyo ya 120, kusiyana kwake ndi kamtengo kokulungirako basi, cotero munthu woleza mtima angathe kuikulunganso m'mdima pa kamtengo kakale. Cifukwa cake kamtengo kopanda kanthu kopezeka m'kati mwa Brownie sikayenera kutayidwa.

Asanaononge ndalama kuitanitsa filimu kutali, mwiniyo atsegule kumbuyo kwa kamera, ailozetse kumwamba, nadine, kuti aone ngati cikope ciphethira. Acite comweco pa nambala iriyonse ya liwiro. Pa nambala 1 cikope ciyenera kukhala cotseguka kwa sekondi yathunthu, ndipo cikamakakamira ndiye kuti mafuta a m'kati anauma. Ayang'anenso m'mbali mwa citseko, m'mene munali kansalu kofewa kochinga kuwala. M'makamera ambiri kameneka kanasungunuka nikasanduka phula lomata, koma ulusi wakuda wa ubweya womatidwa bwino m'ngalandemo ugwira nchito yomweyo.

Tsono cigwa ceniceni ndico ciyesa munthu ndi kamera yake. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, pamene filimu inapangidwa kuti isungidwe pozizira. Yosiyidwa m'galimoto masana imacita cifunga, ndipo ya mitundu imasintha maonekedwe, msipu nukhala ngati wodwala. Wokhala ndi firiji aike filimu m'menemo isanatsegulidwe, ndipo poiturutsa aidikire ora limodzi kapena awiri isanalowe m'kamera, kuti ingacite thukuta. Wopanda firiji aitsekere m'citini, naike citinico pa mcenga wonyowa pambali pa mtsuko. Pfumbi la cilimwe limalowa ponse, ndipo mlandu waukuru wa eni makamera ndiwo kupukuta diso ndi malaya. Mcenga wa Luangwa umakanda galasi, ndipo cipsera cake sicipola. Pfumbi licotsedwe ndi mpweya kapena ndi kaburashi kofewa. Dzinja likafika mdani asintha. Cinyezi cimameretsa cuku m'kati mwa diso, cooneka ngati ukonde wa kangaude, cimene cimadya galasi pang'onopang'ono. Cikwama cacikopa, cimene anthu amacikonda cifukwa ca kukongola kwake, ndico cisa ca cukuco, ndipo kamera siiyenera kugonamo nthawi ya mvula.

Alenje akale a m'cigwa akadamvetsa msanga makhalidwe a kamera yotere, popeza ifanana ndi gogodela. Mwini gogodela anali ndi cipolopolo cimodzi ndi wonga wobvuta kupeza, cotero sanaombere wamba. Anayesa mphepo ndi phulusa, nadziwa pomwera njati, nadikira. Wa lamya angathe kujambula mvuu kazana nasankha cimodzi madzulo. Wa filimu ali nazo 36 zokha, ciriconse cogula ndi ndalama, ndipo sadzaona cimene wagwira kufikira filimu itatsukidwa. Ayenera kuwerenga kuwala ndi maso ake. Lamulo lake ndi lapafupi: ndi filimu ya nambala 100, dzuwa likawala bwino, liwiro likhale 125 ndi kabowo ka diso pa 16, kukacita mitambo kabowo kakule kufika pa 8, ndipo pamthunzi wa mitengo pa 5.6. Kunena zoona, dzuwa la paliwombo silipatsa cithunzi cokoma, pakuti maso a munthu amasanduka maenje akuda ndi mcenga wa mumtsinje uyera mbee. Mmamawa ndi cakumadzulo ndizo nthawi zake, ndipo ndi pomwenso nyama zitsikira kumadzi.

Pali ngozi imodzi yoyenera kuichula mosabisa. Diso la kamera ya bokosi liona zinthu zonse patali, kotero kuti njobvu yoima mapazi 100 imaturuka pa pepala ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe. Mwini kamera amakhumudwa, ndipo ulendo wina amasendera pafupi. Anthu a kwa Kakumbi ndi kwa Mnkhanya, amene njobvu zimawafikira m'minda ndi pansi pa mitengo ya mango, adziwa kuti yaikazi yokhala ndi mwana siicenjeza kawiri, ndipo maliro otere acitika m'boma lino. Cithunzi ca nyama cifuna diso lalitali la 200 mm kapena 300 mm. Wopanda limenelo aleke njobvu zipite.

Ndipo mwina sanataye kanthu. Kuyambira masiku a msasa wa Nsefu, mikango ndi anyamalikiti a Luangwa ajambulidwa kosawerengeka, zithunzi zao ziri m'mabuku a ku London ndi ku New York. Koma mabanja ambiri a m'cigwa alibe ngakhale cimodzi ca agogo ao. Brownie yolephera njobvu ikhoza bwino nkhalamba yokhala pakhonde, asodzi ndi bwato lao, kapena akazi popeta mapira, malinga eni akewo atayamba apemphedwa.

Filimu yakuda ndi yoyera itheka kutsukidwa kunyumba. Imakulungidwa m'mdima wa ndiwe yani nilowa m'kambiya kotseka, ndipo m'menemo muthiridwa mankhwala oturutsa cithunzi, kenaka madzi, kenaka mankhwala okhazikitsa. Onsewa afuna madigiri 20, pakuti madzi ofunda amafewetsa jelatini mpaka kusupuka. M'cigwa muno nchitoyi iyenera mbandakuca, ndi madzi osefa ogona mumtsuko, makamaka mu Juni ndi Julayi. Mankhwala otha nchito asatayidwe pafupi ndi citsime. Filimu ya mitundu ifuna madigiri 38 osasintha ngakhale pang'ono, ndipo ndi bwino kuitumiza kwa amisiri.

Coturuka m'kambiyamo ndi negetivi, m'mene zoyera zioneka zakuda ndi zakuda zoyera. Ambiri amasunga pepala nataya negetivi, osadziwa kuti ndiyo mbeu: yotsukidwa bwino ndi kusungidwa pouma ingathe kukhala zaka 100 ndi kubala zithunzi zina nthawi iriyonse. Iikidwe m'envulopu, ndipo pamwamba palembedwe ndi pensulo maina a anthuwo, mudzi wao ndi caka. Envulopuyo ilowe m'citini cotseka ndi kuikidwa pamwamba, kutali ndi cipupa, cifukwa ciswe cimadya pepala, ndipo mphemvu zimakonda jelatini monga momwe zikondera mkute.