Kampasi ya m'diso la mbalame

Alimi a ku Chamama akamazula mbande kunazale kuti akawokere fodya mvula itagwa, mitengo ya m'madambo imakhala italandira kale alendo ochokera kutali. Anamzeze ena ouluka pamwamba pa mizere amaswana ku Ulaya, ndipo timbalame tina, monga garden warbler, timayenda mtunda womwewo usiku, popanda wotilondolera. Umboni womwe ulipo ukundichititsa kukhulupirira kuti chotitsogolera chili m'maso mwake, m'kavinidwe ka maelekitironi.

Mu 1925, George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit ananena kuti elekitironi iliyonse ili ndi khalidwe lotchedwa spin. Taganizirani nguli yovina itapendekera mbali inayake, ngakhale kuti elekitironi sizungulira ngati chinthu chogwirika. Khalidweli limaichititsa kukhala kamaginito kakang'ono. Klaus Schulten ndiye anaganiza mu 1978 kuti mbalame zingamve maginito a dziko kudzera m'njira imeneyi. Kuwala kukagunda puloteni ya m'diso yotchedwa cryptochrome, elekitironi imodzi imadumpha, n'kusiya maelekitironi awiri otalikirana koma omangikabe pamodzi. Awiriwa amasinthasintha, pena kuloza kumodzi, pena kutembenukirana, ndipo maginito a dziko amasokoneza kasinthidweko malingana ndi kumene mbalame yalozetsa mutu. Zotuluka m'puloteniyo zikasiyana, uthenga wopita kuubongo umasiyananso.

Wokayika anena kuti maginito a dziko ndi ofooka zedi, sangagwedeze kanthu m'thupi lofunda. Nkhawayi ndi yomveka, koma pano safunika kukankha chilichonse, amangopendeketsa kavinidwe komwe kayamba kale. Zomwe zinachitika ku Oldenburg, m'dziko la Germany, n'zovuta kuzitanthauzira mwanjira ina. Henrik Mouritsen ndi anzake analengeza mu 2014 kuti mbalame za mtundu wa robin zotsekeredwa m'tinyumba tamatabwa zinkasochera chifukwa cha mafunde ofooka a zipangizo zamagetsi. Atakuta tinyumbato ndi malata a aluminiyamu olumikizidwa kunthaka, zinayambanso kuloza koyenera. Kachitsulo kobisika m'mutu, kakanakhala kuti ndiko kampasi ya mbalame, sikakanasokonezeka ndi mafunde otere, pomwe maelekitironi awiri aja amasokonezeka. Mu 2021, gulu lomwelo pamodzi ndi Peter Hore wa ku Oxford linaonetsa kuti cryptochrome 4 ya robin imamvadi maginito.

Chotsutsa champhamvu ndi chakuti za cryptochrome 4 zija anazionera m'botolo, osati m'diso la mbalame yamoyo, komanso robin safika kuno. N'zoona, ndipo mbalame zimadaliranso dzuwa ndi nyenyezi. Komabe Wolfgang ndi Roswitha Wiltschko, amene anapeza mu 1972 kuti kampasi ya mbalame imawerenga kupendekeka kwa maginito, anadzayesanso garden warbler. Ataiika m'maginito ogona chammbali, ngati omwe imakumana nawo podutsa pakati pa Africa, kenako n'kuibwezera m'maginito a ku Germany, inatembenuza kolowera. Popeza kupitirira malo amenewo maginito amapendekera mbali inayo, kutembenuka kumeneku n'komwe kumaithandiza kupitirirabe kummwera mpaka kufika m'zigawo zathu zino.