Aneni a makolo akadali pakamwa ku Domasi

M'chigwa cha Domasi, munthu mmodzi amatha kupereka moni m'Chiyao, n'kutsatsa malonda m'Chinyanja pamsika wa Songani m'mawa womwewo. Mnyanja amati kudya, Myao amati kulya. Mzulu wa ku Durban amati ukudla, Mswahili kula. Kufanana kotereku sikwangozi. Onsewa analandira mneniyu kuchokera ku chiyankhulo chimodzi chimene chinkayankhulidwa chakumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka pafupifupi 5,000 zapitazo.

Chiyankhulocho palibe anachilemba. Akatswiri ofufuza kholo la Chilatini ali ndi mwayi, chifukwa ku Gubbio, m'dziko la Italy, mu 1444 kunapezeka mapale amkuwa olembedwa m'chinenero cha Umbrian, mbale wake wa Chilatini. Kuno umboni uli m'kamwa mwa anthu amoyo. Carl Meinhof mu 1899, kenako Malcolm Guthrie m'mabuku ake a pakati pa 1967 ndi 1971, anandandalika aneni a zinenero zambirimbiri n'kumafunsa: ndi liwu liti lakale limene likanabala onsewa? Mganda amati okugenda, Mchewa kuyenda, Mswahili kwenda. Motero tsinde lakale amalilemba *-gend-, ndipo kanyenyeziko kamachenjeza kuti mawuwa ndi ongobwezeretsa. Nawo msintho wochitirana ndi wakalekale: -an- wa mu kukondana ndi yemweyo wa mu kupendana m'Chiswahili ndi ukuthandana m'Chizulu.

Pamene Chiyao chimaposa Chichewa ndi pa nthawi ya mneni. Makolo ankaika *-ide kumapeto kwa mneni posonyeza kuti ntchito yachitika. Mzulu akadali nako kachidutswaka akamati ngibonile, ndaona. Chichewa chinakataya, koma Chiyao chinakasunga, mwina poyera ngati -ile, mwina katalowerera m'tsinde. Moni wam'mawa uja, “Ajimwiche uli?”, umachokera ku kwimuka, kudzuka, k anasanduka ch chifukwa cha kachidutswa komweko. Gogo wopereka moniwo ali ndi umboni umene Mchewa wa ku Kasungu alibe.

Domasi ili ndi mbiri yake pankhaniyi. Alexander Hetherwick anatsegula mishoni kumeneko mu 1884, ndipo mu 1889 anatulutsa buku lophunzitsa Chiyao. Lero Malawi Institute of Education, yokonza silabasi ya sukulu za m'dziko muno, ili komweko, pamodzi ndi koleji yosula aphunzitsi. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wachiyao amaphunzira misintho ya aneni a Chichewa osauzidwa kuti chiyankhulo cha kwawo chinasunga zimene Chichewa chinaiwala. Aphunzitsi a Chichewa, lembani kudya ndi kulya pabolodi limodzi, ana afunse okha chifukwa chake.