MAU A CINGEREZI OBADWIRA PANYANJA

M'phunziro lino tikamba za mau ena a Cingerezi amene amasokoneza ophunzira ambiri, ngakhale aja anzeru kwambiri.

Tiyerekeze kuti mwana akuwerenga buku, ndipo wapeza ciganizo conena kuti kalaliki watsopano "is still learning the ropes". Liu lililonse akulidziwa: kuphunzira akukudziwa, cingwe akucidziwa. Koma akalumikiza mauwo, mutu umaima. Kodi kalaliki wa mu ofesi ali nazo ciani zingwe? Funso lotere likadza pa mayeso, mwanayo angathe kulemba kuti kalalikiyo akuphunzira kupota zingwe, ndipo walephera.

Mau otere ndi zining'a, ndipo cining'a sacimasulira liu ndi liu. Ife tikamva kuti uje wapsa mtima, sitithamangira madzi okazimira moto. Cining'a cimabadwira pa nchito imene anthu amagwira masiku onse. Zathu zambiri zinabadwira kumunda, ku uzimba ndi pamtondo. Za Angerezi zambiri zinabadwira m'zombo za panyanja yamcere. Amene waona m'maganizo mwake cimene cinali kucitika m'zombozo, zining'azi sizimuvutanso.

Cifukwa cake panyanja

Dziko lathu la Zambia silinagundane ndi nyanja yamcere. Britain ndi cisumbu, ndipo palibe malo m'dzikomo amene atalikira nyanja kuposa makilomita 113. Kwa zaka mazana ambiri malonda ndi nkhondo za Angerezi zinadalira zombo zoyenda ndi mphepo. Pa nthawi ya nkhondo zolimbana ndi Napoleon, zimene zinatha mu 1815, gulu lao la nkhondo la panyanja linali ndi amuna oposa 100,000. Amalinyero amenewa pobwerera kwao anali kulankhula monga analankhulira m'combo, ndipo akumtunda anatola mau ao. Zombo za matanga zinasiya kunyamula malonda a dziko, koma mauwo anatsala.

Kuti timve bwino, tiyeni tione combo cimodzi, dzina lake Victory. Anacitsitsira m'madzi mu 1765, cinamenya nkhondo ya Trafalgar mu 1805 ciri ndi anthu oposa 800, ndipo cikusungidwa mu mzinda wa Portsmouth kufikira lero. Cinalibe injini. Cinali ndi milongoti itatu italiitali, imene inali kunyamula matanga, ndiwo nsalu zazikulu zokhuthala zokola mphepo.

Zingwe ndi manja

Victory inali kutha kufunyulula matanga 37, ndipo zingwe zake zikanalumikizidwa zonse zikanapitirira makilomita 40. Cingwe ciriconse cinali ndi dzina lake, nchito yake ndi malo ake omangapo. Cina cinali cokwezera thanga, cina colitembenuzira, cina colipindira. Mnyamata wolowa nchito anayenera kuziloweza kufikira atatha kugwira cingwe coyenera usiku wamdima, mvula iri kugwa. Kukoka colakwika kukanatha kung'amba thanga, kapena kugwetsa mnzake amene ali pamwamba pa mlongoti.

Ndiye cifukwa cake "to learn the ropes" ndiko kuphunzira mayendedwe a nchito yatsopano, ndipo "to know the ropes" ndiko kuidziwa bwino lomwe. Kalaliki uja sapota zingwe ai, akuzolowera nchito cabe. Ndipo amene ali pa msinkhu umenewo ayenera kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Amalinyero anali kugwira nchito mosinthana: gulu lina likakhala pamwamba, lina linali kugona m'zipinda za pansi. Koma namondwe akauka, kapena adani akaoneka, panali kumveka mfuu yakuti "All hands on deck!" Liu lakuti "hands" ndi manja, koma pano likuimira anchito, ndipo "deck" ndi bwalo la matabwa la pamwamba pa combo. Wogona ndi wakudya yemwe, onse anali kusiya zao nathamangira pabwalopo. Lero mauwa amanenedwa pamene nchito yakula ndipo ikufuna munthu aliyense, monga tsindwi la sukulu likasasuka ndi mphepo. Akulu athu anati mutu umodzi susenza denga.

Mphepo ndi madzi

Combo cimapita patsogolo pamene mphepo yadzaza matanga kucokera kumbuyo kapena m'mbali. Nthawi zina mphepo imatembenuka mwadzidzidzi niomba kucokera kutsogolo. Pamenepo matanga amakankhidwira kumbuyo namamatira ku milongoti, combo cimaima, mwina cimabwerera cam'mbuyo, ndipo mphepo ikakula milongoti ingathe kuthyoka. Amalinyero anali kuti comboco ciri "taken aback". Munthu amene wamva nkhani yodzidzimutsa nasowa conena kwa kanthawi, nayenso ali "taken aback".

Cining'a cotsatira cifuna kuti tiyambe tadziwa cinthu cimene siticiona pa Kariba kapena pa Bangweulu. M'magombe ambiri a nyanja yamcere madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, makamaka cifukwa ca mphamvu yokoka ya mwezi. Malo amene m'mawa anali akuya, masana angathe kukhala mcenga wokhawokha. Combo cimene caima pafupi ndi gombe madzi atakwera cimatsala pamtunda akaphwa, ndipo palibe angacisunthe kufikira madziwo atabweranso. Ndiko kukhala "high and dry", pamwamba ndi pouma. Munthu amene anzake amthawa pa nthawi ya mavuto, natsala wopanda womuthandiza, amati wasiyidwa "high and dry".

Mbendera

Mbendera ya combo ca nkhondo amaicha "colours". Kale kunalibe wailesi, tsono combo cinali kudziwika ndi mbendera yake. Cifukwa ca ici akapitao ocenjera anali kukweza mbendera ya dziko lina kuti ayandikire adani osazindikirika. Koma mwambo wa nkhondo unali wakuti asanaombe mzinga woyamba atsitse yabodzayo ndi kukweza yao yeniyeni. Apa mpamene panacokera "to show one's true colours", kuonetsa khalidwe lenileni limene munthu anali kubisa.

Kutsitsa mbendera pakati pa nkhondo kunali kuvomera kugonja. Mu 1797, pa nkhondo ya Camperdown pakati pa Angerezi ndi Adachi, nsonga ya mlongoti wa combo ca Venerable inathyoledwa ndi mzinga ndipo mbendera inagwa. Zombo zinzake zikanayesa kuti mtsogoleri wao wagonja. Mmalinyero wina wa ku Sunderland, Jack Crawford, anakwera mlongotiwo nakhomerapo mbenderayo ndi misomali. Mbendera yokhomedwa singatsitsidwe. Motero "to nail one's colours to the mast" ndiko kunena poyera mbali imene waima, osabwereranso m'mbuyo.

Zombo zopambana zinali kulowa padoko mbendera zonse zikupepezeka, kuti a kumtunda adziwire patali kuti zinthu zayenda bwino. Ana inu, aphunzitsi akadzakuuzani kuti mwapambana mayeso "with flying colours", mudzadziwe kuti mwakhoza moposa.

Kuyesa kuya ndi liwiro

Mwala wobisika m'madzi ungathe kuboola combo, ndipo cifukwa cake amalinyero anali kuyesa kuya kwa madzi kawirikawiri poyandikira gombe. Anali kuponya cingwe cokhala ndi mtovu kunsonga, ndipo cikagunda pansi anali kuwerenga utali wake. Muyeso wao unali "fathom", utali wa mikono iwiri yotambasula kucokera ku nsonga ya cala kufikira ku nsonga inzake, pafupifupi mamita 1.8. Makolo athu poyesa nsalu anali ndi muyeso wonga womwewo, mkwamba. Mngerezi akati "I cannot fathom it", akunena kuti nkhaniyo yamuzamira, cingwe ca nzeru zake sicikufika pansi.

Nanga liwiro anali kuliyesa bwanji popanda makina? Anali kuponya m'madzi kathabwa kochedwa "log", komangidwa ku cingwe cacitali. Cingweco cinali ndi mfundo zotalikirana mamita 14.4. Kathabwako kanali kutsalira pamadzi combo cikupita, ndipo cingwe cinali kusololoka m'manja mwa mmalinyero. Mnzake anali kugwira kabotolo ka mcenga, kamene mcenga wake unali kutha kutsika pa masekondi 28. Mfundo zimene zadutsa m'manja pa nthawi imeneyo ndizo zinali liwiro la combo. Mfundo pa Cingerezi ndi "knot", ndipo kufikira lero liwiro la zombo ndi la ndege amaliyesa ndi liu lomweli. "Knot" imodzi ndi mamita 1,852 pa ola.

Zimene apeza anali kuzilemba m'buku lochedwa "log book", pamodzi ndi za mphepo ndi zonse zocitika pa ulendo. Dzinali linatuluka m'combo nilowa m'masukulu: buku limene aphunzitsi aakulu amalembamo zocitika za pasukulu limachedwa comweco. Ngakhale munthu wotsegula kompyuta amene amauzidwa kuti acite "log in" akuchula kathabwa komwe kaja.

Za m'cinenero cathu

Tisaganize kuti Cingerezi cokha ndico cinatola mau pamadzi. M'nkhani ino tachula amalinyero ndi akapitao. Mau awiriwa ndi a Cipwitikizi, "marinheiro" ndi "capitão". Apwitikizi anakwera mtsinje wa Zambezi nakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, ndipo m'zaka za m'ma 1700 anafika ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero timati Luangwa. Kwa ife kapitao anasanduka woyang'anira anchito aliyense, wa pamseu kapena wa pafamu, ngakhale sanakwerepo bwato.

Liu lakuti sitima nalonso linabadwira pamadzi. Linacokera ku "steamer", combo coyenda ndi nthunzi. Ilala inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1875, ndipo Good News inatsitsidwira m'madzi kum'mwera kwa nyanja ya Tanganyika mu 1885. Njanji inadza pambuyo: inaoloka Zambezi pa Victoria Falls mu 1905, nifika ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, mu 1906. Anthu poona cinthu cina cacitsulo cofuka utsi ndi kunyamula katundu anacipatsa dzina lomwelo. Ndiye cifukwa cake timasiyanitsa sitima ya pamadzi ndi sitima ya pamtunda.

Kwa aphunzitsi

Musawapatse ana mndandanda wa zining'a kuti aloweze. Coloweza popanda cithunzi cimaiwalika mayeso asanafike. Jambulani combo pabolodi, muonetse milongoti, matanga, zingwe ndi mbendera, ndipo cining'a ciriconse muciike pa malo ake. Kumene kuli asodzi kapena opalasa bwato, anawo akafunse mau a nchito yao amene anthu a kumtunda amanenanso. Aphunzitseni kuti akakumana ndi ciganizo cimene mau ake onse akuwadziwa koma tanthauzo silikumveka, asathamangire kumasulira. Ayambe afunsa kuti: kodi mau awa anabadwira pa nchito yanji?

Zocita

1. Fotokozani m'Cinyanja tanthauzo la "high and dry" ndi la "taken aback", ndipo mupange ciganizo cimodzi ca Cingerezi pa ciriconse.

2. Tambasulani mikono yanu, mnzanu ayese utali wake. Kodi mkwamba wanu waperewera masentimita angati kuti ukwane mamita 1.8?

3. Combo cikuyenda pa liwiro la mfundo 5. Cidzayenda mamita angati pa maola awiri?

4. Funsani agogo kapena makolo anu zining'a zitatu zimene zinabadwira kumunda, ku uzimba kapena kudambwe, ndipo mulembe nchito imene inabala ciriconse.

Tsalani bwino ana inu, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.