Kusintha Boila ya Gasi ku Britain: Makina Oyenera ndi Mmisiri Wodalirika

Boila ndi makina owotcha gasi potenthetsa madzi. Madzi ena amazungulira m'mapaipi kupita ku maradiyeta a m'zipinda, ena amatulukira pampopi wa kukhitchini ndi wa kubafa. Ku Britain nyumba pafupifupi zinayi mwa zisanu zilizonse zimafunditsidwa motero, ndipo boila yosamalidwa bwino imatha zaka 10 mpaka 15. Nthawi zambiri imafa mu Disembala kapena Januwale, pamene ikugwira ntchito usana ndi usiku komanso amisiri atatanganidwa, ndiye eni nyumba amagula mothamanga ana akunjenjemera. Amalawi amene agula nyumba ku Leicester, Manchester kapena Glasgow amakumana ndi nkhaniyi alibe pokopera, poti kumudzi nyumba siyifuna makina oifunditsa.

Wokhala m'nyumba ya lendi sagula boila. Udindowo ndi wa mwininyumba, amene lamulo limamukakamizanso kuyezetsa zipangizo zonse za gasi chaka chilichonse ndi kupatsa alendi ake chikalata cha zotsatira pasanathe masiku 28. Zimene zalembedwa m'munsimu zikukhudza amene nyumba ndi yake.

Si boila iliyonse yovuta imene iyenera kutayidwa. Pampu, fani kapena valavu zimasinthika pamtengo wochepa poyerekeza ndi makina atsopano. Kusintha kumakhala kwanzeru boila ikapitirira zaka 12 n'kumawonongeka kawirikawiri, sipeya wake akayamba kusowa, kapena chikabooka chitsulo cha m'kati chimene moto umatenthetsera madzi, chifukwa chimenecho n'chodula kwambiri. Maboila akale ena, monga aja obisika kuseri kwa malo ootherapo moto pabalaza, amataya gawo limodzi mwa magawo atatu a kutentha kudzera m'chumuni.

Mitundu itatu

Mtundu wofala kwambiri ndi combi. Ilibe thanki, munthu akatsegula mpopi, boila imayaka n'kutenthetsa madzi pamene akudutsa. Imakwana m'kabati ya kukhitchini, ndipo madzi otentha satha. Koma mphamvu yake ili ndi malire. Combi ya makilowati 24 imapereka malita pafupifupi 10 pa mphindi, ya makilowati 30 pafupifupi 12. Madzi amenewa amakwanira shawa imodzi. Wina akayamba kutsuka mbale pamene mnzake akusamba, onse awiri amadandaula. Komanso combi imangotenthetsa madzi amene paipi ya mumsewu ikubweretsa, choncho kumene madzi amabwera mofooka, kugula yamphamvu kwambiri n'kutaya ndalama.

Mtundu wachiwiri ndi system, umene umasunga madzi otentha m'silinda, nthawi zambiri m'kabati ya m'chipinda cham'mwamba. Umayenerera nyumba ya mabafa awiri kapena banja lalikulu limene anthu amasamba nthawi imodzi m'mawa. Silinda imadya malo, ndipo madzi akatha pamafunika kudikira kuti ena atenthe. Wachitatu ndi regular, wa m'nyumba zakale, wokhala ndi silinda komanso thanki ya madzi ozizira m'kati mwa denga. Ambiri amauchotsa n'kuika combi, koma ntchitoyi ndi yodula chifukwa mapaipi amasinthidwa, ndipo maradiyeta ndi mapaipi okalamba nthawi zina amayamba kudontha akalandira madzi othina kuposa amene anazolowera.

Pa kukula kwa boila m'pamene ambiri amasochera, ndipo ogulitsa sathamangira kuwawongolera. Nambala yaikulu yolembedwa pa combi ndi ya kutenthetsa madzi a pampopi. Kufunditsa nyumba wamba ya zipinda zogona zitatu sikufuna makilowati oposa 10 ngakhale tsiku lozizira kwambiri, ndipo masiku ambiri a chisanu theka la amenewo limakwana. Boila yaikulu mopitirira imatenthetsa madzi msanga, n'kuzima, n'kuyakanso patapita mphindi zochepa, tsiku lonse; gasi amatha ndipo zitsulo zimaperepeseka. N'chifukwa chake nambala yofunika kuiona pa pepala la makinawo ndi yotsikitsitsa, yosonyeza m'mene boila ingachepetsere moto wake osazima. Imene imatsika mpaka makilowati 3 kapena 4 imagwira ntchito mofatsa kuposa imene imalekera pa 8.

Kuyambira mu Epulo 2005, boila iliyonse ya gasi yoikidwa ku England ndi Wales imayenera kukhala ya mtundu wa condensing. Gasi akamayaka amatulutsa utsi wokhala ndi nthunzi yotentha. Boila yotereyi imaziziritsa utsiwo usanatuluke, nthunzi n'kusanduka madzi, ndipo kutentha kumene kukanathawira kunja kumabwerera m'mapaipi. Izi zimatheka pokhapokha madzi obwerera kuchokera ku maradiyeta akakhala osapitirira madigiri 55. Maboila ambiri amasiyidwa atatcheredwa pa 75 kapena 80, ndiye sapulumutsa gasi monga momwe pepala linalonjezera. Combi yotcheredwa pa 60 kapena kutsika pang'ono imafunditsabe nyumba zambiri, kungoti imatenga nthawi yotalikirapo. Silinda ili ndi lamulo lake: madzi osungidwa ayenera kufika madigiri 60 kuti tizilombo ta legionella tisaswane.

Madzi a nthunziwo amatuluka ndi kapaipi ka pulasitiki kupita ku ngalande. Kapaipi kameneka kakadutsa panja kali kakang'ono ndi kosakutidwa, madzi amaundana ndipo boila imadzizimitsa. M'chisanu choopsa cha kumapeto kwa Febuluwale ndi kuyambiriro kwa Malichi 2018, chimene anachitcha Beast from the East, nyumba zambirimbiri zinazizira chifukwa cha kapaipi kokhako, maboila ali abwinobwino. Mmisiri waluso amakadutsitsa m'kati mwa nyumba, ndipo pamene sizitheka amaika paipi yaikulupo n'kuikuta.

Ku England malamulo a Boiler Plus a mu Epulo 2018 anawonjezera kuti boila yatsopano izigwiritsa ntchito osachepera 92 peresenti ya mphamvu ya gasi, ikhale ndi chotchera nthawi ndi kutentha, ndipo combi ikhalenso ndi chipangizo china chimodzi chopulumutsira gasi, monga chija chosintha moto molingana ndi kuzizira kwa panja. Poti makampani onse odziwika, monga Worcester Bosch, Vaillant, Viessmann, Ideal ndi Baxi, amakwaniritsa malamulowa, kusiyana kwa maboila awo pa kadyedwe ka gasi n'kochepa. Amasiyana pa mtengo, pa kupezeka kwa sipeya ndi pa walanti, lonjezo lija lokonza mwaulere, limene kwa ena ndi la zaka 5, kwa ena 10 kapena 12. Dzina la kampani anthu amalikokomeza kuposa muyeso. Boila ya mtengo wapakati yoikidwa mosamala imakhalitsa kuposa yodula yoikidwa mwachisawawa.

Mmisiri

Malinga ndi malamulo a chitetezo cha gasi a mu 1998, ntchito ya gasi yolipidwa imagwiridwa ndi mmisiri wolembedwa m'kaundula wa boma yekha. Kaundulayo ndi Gas Safe Register, amene analowa m'malo mwa CORGI pa 1 Epulo 2009 ku England, Scotland ndi Wales, ndipo ku Northern Ireland mu 2010. Amayang'aniridwa ndi bungwe la Health and Safety Executive. Mmisiri aliyense amayenda ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chake, nambala ya laisensi ndi tsiku lothera. Kumbuyo kwake, kumene ambiri satembenuza, kwalembedwa mitundu ya ntchito imene waloledwa kugwira, chifukwa wololedwa kuika chitofu cha gasi sikuti waloledwanso kuika boila. Nambalayo imatsimikizika pa intaneti kapena pafoni kwa a Gas Safe. Chizindikiro chachikasu chomatidwa pagalimoto si umboni, ndipo pulambala wodziwa mapaipi a madzi, ngakhale akhale mnansi kapena wa mpingo umodzi, sayenera kukhudza gasi ngati alibe chiphasocho.

Chimene lamuloli likuteteza ndi moyo. Gasi akapsa mopanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kutopa, zimene zimachepa munthu akatuluka panja. Lawi lachikasu lofooka m'malo mwa labuluu ndi mwaye wakuda pafupi ndi boila zimachenjeza. Ku Scotland nyumba iliyonse ya boila iyenera kukhala ndi alamu ya mpweyawu kuyambira mu Febuluwale 2022, ndipo ku England, kuyambira mu Okutobala chaka chomwecho, alamu imaikidwa limodzi ndi boila yatsopano. Gasi akamveka kununkha ku England, Scotland kapena Wales, nambala yoimba ndi 0800 111 999.

Chiphaso chimangosonyeza kuti munthu ndi wovomerezeka. Luso lake limaoneka pa ulendo woyamba wodzaona nyumba. Wodalirika amafunsa kuchuluka kwa anthu ndi mabafa, amawerenga maradiyeta, amayeza malita otuluka pampopi pa mphindi, amaona ngati paipi ya gasi yochokera pa mita ndi yokwanira (combi zambiri zimafuna ya mamilimita 22, pomwe nyumba zakale zina zili ndi ya 15), ndipo amasankha potulukira utsi patali ndi mawindo ndi zitseko. Wotchula mtengo ataimirira pakhomo, kapena wongonena kuti aika yofanana ndi yakale osayeza kanthu, wadziulula yekha. Makampani ogulitsa pa intaneti amatchula mtengo atangoona zithunzi ndi mayankho a mafunso. Njirayi ndi yachangu ndipo imayenda bwino pochotsa combi n'kuika combi pamalo omwewo, koma siyikwanira pa ntchito yosintha mtundu kapena malo a boila.

Makotesheni atatu olembedwa amakwanira kuonetsa mtengo weniweni wa m'deralo. Kusintha combi ndi inzake pamalo omwewo kumadya mapaundi zikwi ziwiri kapena zitatu, ndipo kusintha mtundu kumaposa pamenepo. Choyerekezera si nambala ya pansi yokha. Kotesheni yabwino imatchula dzina ndi nambala ya boila, zaka za walanti, zotchera kutentha, kuchotsa makina akale, msonkho wa VAT, ndiponso m'mene mapaipi adzatsukidwire. Kutsukako n'kumene otsika mtengo amakonda kudumpha. M'maradiyeta akale mumaunjikana matope akuda a dzimbiri, amene amatseka tinjira topapatiza ta boila yatsopano. Radiyeta yotentha kumwamba koma yozizira kumunsi ndiye kuti ili nawo. Mapaipi amatsukidwa ndi mankhwala kapena ndi makina opopa mwamphamvu, kenako mumathiridwa mankhwala oletsa dzimbiri n'kuikidwa sefa ya maginito. Kum'mwera chakum'mawa kwa England, kuphatikizapo London, madzi ali ndi laimu wambiri, choncho pamafunikanso chipangizo chochepetsera laimuyo.

Dipoziti yochepa si yachilendo, koma kulipira zonse ntchito isanathe n'kudziika pachiswe. Wolipira ndi khadi la ngongole amatetezedwa ndi gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la mu 1974 pa katundu wa mtengo woposa £100 mpaka £30,000: mmisiri akathawa kapena akalephera ntchito, kampani ya khadi imakhala nawo mlandu. Mgwirizano wosainidwa panyumba nthawi zambiri umatha kuthetsedwa m'masiku 14, zimene zimathandiza amene anasaina mokakamizidwa ndi wogulitsa wa pakamwa pokoma.

Ntchito ikatha, mmisiri amadzaza fomu ya Benchmark ya kumapeto kwa buku la boila, yosonyeza miyeso ya gasi ndi ya utsi. Ku England ndi Wales amadziwitsanso khonsolo kudzera ku Gas Safe pasanathe masiku 30, ndipo mwininyumba amalandira satifiketi yosonyeza kuti malamulo a zomangamanga atsatidwa. Maloya amaifuna pogulitsa nyumba. Walanti imagwira ntchito boila ikalembetsedwa ku kampani yake ndi kuchitidwa sevisi chaka chilichonse ndi mmisiri wa Gas Safe, ndipo kudumpha chaka chimodzi kungathe kuifafaniza. Asananyamuke, mmisiri aonetse mwininyumba potchera kutentha ndi powonjezera madzi, poti geji iyenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 makina atazizira.

Boma la Britain likulimbikitsa anthu kusiya gasi n'kuika heat pump, makina a magetsi otenga kutentha mumpweya wa panja kapena m'nthaka. Ku England ndi Wales thandizo la Boiler Upgrade Scheme linakwezedwa kufika £7,500 mu Okutobala 2023, ndipo limaperekedwa kudzera kwa amisiri ovomerezeka ndi bungwe la MCS. Ku Scotland thandizo lofanana limadzera ku Home Energy Scotland. Makinawa amafuna silinda, malo panja, nthawi zina maradiyeta akuluakulu, ndiponso milungu ingapo yokonzekera, choncho amayenerera amene wayamba kufufuza boila yakale ikadali kuyaka.